Funsani Aphunzitsi a Masamu: N'chifukwa Chiyani Ana Amaiwala Zimene Anakhoza Temu Yatha?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza ntchito ya masamu imene ana amapatsidwa kuti akachitire kunyumba, imene ambirife timangoitcha homuweki. Tasankhapo anayi, ndipo ena tawafupikitsa chifukwa cha malo. Woyankha ndi mphunzitsi wopuma pa ntchito wa kuno ku Chipata, amene anaphunzitsa masamu ku pulayimale ndi ku sekondale kwa zaka zambiri.

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndimaphunzitsa giredi 6 pa sukulu ina m'boma la Katete. Temu yoyamba ndinaphunzitsa mafulakishoni kwa milungu itatu, ndipo tsiku lililonse ndinkapereka homuweki ya masamu 15 a mutu womwewo. Pa mayeso a kumapeto kwa mutuwo ana ambiri anakhoza bwino. Koma titatsegulira temu yachiwiri ndinalemba pa bolodi 1/2 + 1/3, ndipo oposa theka la kalasi anayankha kuti 2/5. Ndinakhumudwa kwambiri. Kodi ndine amene ndinalephera kuphunzitsa, kapena anawa ndi aulesi? Kodi ndiyambirenso mutu wonse, pamene silabasi nayo ikundithamangitsa? — Mphunzitsi, Katete

YANKHO: Aphunzitsi anzanga, limbani mtima, pakuti simunalephere kuphunzitsa, ndipo ana anu si aulesi. Mwana waulesi sakanachita masamu 15 tsiku lililonse kwa milungu itatu. Chimene chinachitika n'chakuti mutu wa mafulakishoni utatha munapita ku mitu ina, ndipo kuchokera pamenepo mpaka mu Meyi anawo sanakumanenso ndi fulakishoni ngakhale imodzi, kuphatikizapo tchuthi chonse cha Epulo, pamene ambiri a iwo anali ku munda kuthandiza makolo kukumba nshawa. Njira ya ku dimba ikakhala miyezi iwiri ya dzinja osapondedwa imamera udzu mpaka munthu kuisokoneza, koma njirayo imakhala ilipobe pansi pa udzuwo, ndipo anthu akadutsamo kawiri katatu imaonekanso.

Kuiwala kotereku kunafufuzidwa kalekale. Mu 1885 katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anafalitsa zimene anapeza atadziyesa yekha kwa nthawi yaitali. Iye ankaloweza mindandanda ya timawu topanda tanthauzo, kenako n'kudziyesa patapita mphindi zingapo, ola limodzi, tsiku limodzi, mpaka mwezi. Anapeza kuti zambiri zimathawa m'mutu m'maola ndi m'masiku oyambirira, ndipo pambuyo pake kuiwalako kumachepa liwiro. Anaonanso zinthu zina ziwiri zimene ziyenera kutisangalatsa ife aphunzitsi: kuphunziranso chinthu chimene unachiiwala kumatenga nthawi yochepa kusiyana ndi ulendo woyamba, ndiponso kubwereza kotalikirana masiku kumapindulitsa kuposa kubwereza kambirimbiri pa tsiku limodzi. N'zoona kuti masamu si timawu topanda tanthauzo, ndipo chimene mwana anachimvetsa sichithawa msanga ngati chimene anangoloweza pamtima, komabe nachonso chimazilala chikapanda kugwiritsidwa ntchito. Choncho milungu itatu ija sinapite pachabe, koma ikufunika kuipalira.

Palinso vuto lina limene ambiri sitiliona msanga, ndipo lili mu homuweki yeniyeniyo. Mwana akapatsidwa masamu 15 onse a kuwonkhetsa mafulakishoni pa tsiku limene aphunzitsi aonetsa njira yake pa bolodi, safunika kudzifunsa kuti samu iyi ikufuna njira iti, chifukwa njira akuidziwa kale asanawerenge n'komwe funso. Samu yoyamba amaichita akuyang'ana chitsanzo cha aphunzitsi, yachiwiri akuyang'ana yoyamba, ndipo pofika yakhumi dzanja limakhala likungoyenda lokha. Buku limadzaza ndi zochonga, mphunzitsi amakondwa, makolo amakondwa, koma luso lalikulu la masamu, lomwe ndi kuzindikira mtundu wa funso ndi kusankha njira yoyenera, mwanayo amakhala sanaliyese ngakhale kamodzi. Tsono pepala la mayeso la bungwe la Examinations Council of Zambia silimuuza mwana mutu umene funso lachokera. Funso la ndalama limatsatana ndi la makona, kenako la kugawa, kenako la nthawi, ndipo mwana amene chaka chonse ankauzidwa njira asanayambe amadzapezeka yekha m'chipinda cha mayeso akufunika kusankha kwa nthawi yoyamba.

Mfundo imeneyi inayesedwa m'makalasi enieni. Pulofesa Doug Rohrer ndi anzake ku Florida m'dziko la America anachita kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2020, wokhudza ana 787 a giredi 7 m'makalasi 54. Makalasi ena ankapatsidwa masamu oyeserera a mutu umodziumodzi, ena ankapatsidwa masamu omwewo koma osakaniza ndi otalikirana masiku. Patapita mwezi umodzi chimalizireni kuyesererako, onse analemba mayeso amene sanawayembekezere, ndipo a masamu osakaniza anapeza 61 peresenti pamene enawo anapeza 38 peresenti. Sukulu za ku Florida sizifanana ndi za ku Katete pa zipangizo ngakhale pa kuchuluka kwa ana, koma dziwani kuti chimene chinasiyanitsa magulu awiriwa si kompyuta kapena mabuku odula. Masamu anali omwewo, kasanjidwe kake ndiko kanasiyana, ndipo kusanja sikufuna ndalama ngakhale ngwee imodzi.

Ndiye malangizo anga ndi awa. Chepetsani homuweki kuchoka pa masamu 15 kufika pa asanu, ndipo pa asanuwo awiri okha akhale a phunziro la lero. Yachitatu ichokere ku mlungu watha, yachinayi ku mwezi watha, ndipo yachisanu ku temu yatha kapena ku giredi 5. Tiyerekeze kuti lero mwaphunzitsa peresenti. Samu yoyamba ikhoza kukhala ya nsapato za K850 zimene zatsitsidwa mtengo ndi 20 peresenti, kuti mwana apeze K170 yochotsedwayo ndi K680 yotsala, ndipo yachiwiri ikhale yofanana nayo. Yachitatu ifunse kuti chachikulu n'chiti pakati pa 0.5 ndi 0.25. Yachinayi ifunse kutalika kwa waya wotchingira munda wa lima imodzi, umene mbali zake zonse zinayi ndi mamita 50, kuti muone amene adzayankha mamita 200 ndi amene adzachulukitsa 50 ndi 50 n'kupeza 2,500 chifukwa chosokoneza mtunda wozungulira munda ndi kukula kwa mundawo. Yachisanu ikhale 1/2 + 1/3 ija. Musalembe mitu pamwamba pa masamuwo, chifukwa mukatero mwamuuza kale mwana njira. Kuti musamangobwereza mitu imene inuyo mumaikonda, lembani mitu yonse ya chaka kumapeto kwa buku lanu lokonzekera maphunziro, ndipo tsiku lililonse muzilemba deti pa mutu umene mwaukhudza. Mutu umene wakhala milungu itatu wopanda deti ndi umene uyenera kulowa mawa.

Taonani kuchuluka kwake. Masamu atatu akale pa tsiku, masiku anayi pa mlungu, kwa milungu 12, ndi masamu 144 obwereza pa temu imodzi, ndipo mwana amawachita osamva kulemera.

Za 2/5 zija, musayambirenso mutu wonse. Mphindi 10 n'zokwanira mukazigwiritsa bwino ntchito. Auzeni ana kuti muli ndi K60, ndipo afunseni kuti theka lake ndi zingati. Adzayankha K30. Gawo limodzi mwa magawo atatu ndi K20, ndipo zonse pamodzi ndi K50, yomwe ndi magawo asanu mwa asanu ndi limodzi a K60, kutanthauza 5/6. Kenako afunseni kuti 2/5 ya K60 ndi zingati. Akapeza K24, afunseni ngati zingatheke kuti munthu amene anali ndi K30 awonjezeredwe ndalama zina n'kutsala ndi K24. Ana amaseka akafika pamenepa, ndipo kusekako ndi chizindikiro chakuti aona okha chifukwa chake sitiwonkhetsa manambala a pansi. Mukatero ikani samu ya mtundu umenewu mu homuweki ya mawa, ina patapita masiku atatu, ina mlungu wamawa, ina mwezi wamawa.

Ndikumvetsa kuti silabasi ikukuthamangitsani, pakuti nanenso inandithamangitsa. Kwa zaka zanga zoyambirira ndinkasunga kubwereza konse mpaka temu yachitatu, ndipo mu Okutobala, kukutentha kwambiri kuno ku Chipata, ndinkaunjikira ana mapepala akale a mayeso masana onse. Akuluakulu anati chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu, ndipo ine ndinkakumbukira mitu ya Januwale pamene mayeso afika pakhomo. Ndinkadabwa kuti ndikuphunzitsanso kuyambira pachiyambi zinthu zimene ndinaziphunzitsa kale, ndipo ndimamva chisoni ndikakumbukira ana amene analephera chifukwa cha kachitidwe kangako. Nditasintha ndinaona kuti mphindi zochepa zimene ndinkataya m'mawa uliwonse zinkabwerera, chifukwa mutu watsopano unkayenda msanga. Mwana amene mafulakishoni ali m'manja mwake savutika ndi madesimo, ndipo wa madesimo savutika ndi peresenti, pakuti 1/2, 0.5 ndi 50 peresenti ndi chinthu chimodzi cholembedwa m'njira zitatu.

Chenjezo limodzi ndikupatseni. Kubwereza kumasunga chimene mwana anachimvetsa, koma sikumuphunzitsa chimene sanachimvepo. M'kalasi mwanu muyenera kuti muli ana ena amene akapatsidwa 403 kuchotsapo 168 amayankha 365 m'malo mwa 235, chifukwa pa mzere uliwonse amangochotsa nambala yaing'ono ku yaikulu. Mwana wotere sanaiwale, koma sanamvetse kuti 4 wa mu 403 akuimira mahandiredi anayi amene akhoza kumasulidwa. Kumupatsa masamu ambiri oti akachitire kunyumba kudzangozika cholakwacho. Ameneyu akufunika kukhala naye pansi ndi timitengo tomangidwa m'mitolo ya khumikhumi, monga mmene amachitira mu pulogalamu ya Catch Up, imene Unduna wa Zamaphunziro unayamba kuiyesa mu 2016 m'maboma a Chipata, Katete, Monze ndi Pemba, yoika ana a giredi 3 mpaka 5 m'magulu malinga ndi pamene afika osati malinga ndi kalasi yawo. Ngati pa sukulu panu pali mphunzitsi amene anaphunzira njira imeneyi, mupempheni kuti akuonetseni, ngakhale ana anu ndi a giredi 6.

FUNSO: Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi ali giredi 5. Mphunzitsi wake watsopano amamupatsa masamu ochepa kwambiri, anayi kapena asanu, ndipo ena ndi amene anachita kale ali giredi 4. Mwana wa mnansi wanga amene ali pa sukulu ina amabwera ndi tsamba lathunthu. Kodi mphunzitsi ameneyu sakubweza mwana wanga m'mbuyo? Ineyo sukulu ndinalekezera giredi 7, ndiye sindidziwa mmene ndingamuthandizire, ndipo madzulo magetsi amathima kawirikawiri. — Mayi wa ana atatu, Kapata, Chipata

YANKHO: Amayi, ndikuthokozeni kuti mumatsegula buku la mwana wanu mpaka kuzindikira kuti samu iyi ndi ya giredi 4, pakuti makolo ambiri amangosaina osawerenga. Malinga ndi mmene mwafotokozera, mphunzitsi ameneyu akuoneka kuti akudziwa chimene akuchita. Masamu ali ngati nyumba ya njerwa, mzere wa pamwamba umakhala pa wa pansi. Kugawa kwa manambala aakulu kumene mwana wanu akuphunzira chaka chino kumadalira matebulo ndi kuchotsera kumene anaphunzira chaka chatha, ndipo mwana amene amachedwa kukumbukira kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56 amatopa asanafike pakati pa samu. Mphunzitsi akabweretsa samu ya giredi 4 amakhala akuona ngati mzere wa pansi udakali wolimba.

Kuchuluka kwa homuweki si muyeso wa ubwino wa sukulu. Katswiri wina wa ku America, Harris Cooper, amene wakhala akufufuza za homuweki kwa zaka zambiri, anapeza kuti kwa ana aang'ono a ku pulayimale kuchuluka kwa homuweki sikugwirizana kwenikweni ndi kukhoza kwawo, ndipo kugwirizanako kumayamba kuoneka bwino ana akafika ku sekondale. Iye amavomereza lamulo losavuta la mphindi pafupifupi 10 pa giredi iliyonse, kutanthauza kuti mwana wa giredi 5 asapitirire mphindi 50 pa maphunziro onse pamodzi, osati masamu okha. Masamu asanu osankhidwa bwino amamutengera mwana mphindi 15 kapena 20, ndipo imeneyi ndi nthawi yoti akhoza kuipeza akangoweruka, atadya, dzuwa lisanalowe. Ndikukulangizani kuti nthawi imeneyi muiteteze, ndipo kutunga madzi kapena kutsuka mbale kubwere pambuyo pake, chifukwa ana aakazi ndi amene kawirikawiri homuweki yawo imasiyidwira usiku pamene magetsi athima ndipo thupi latopa.

Chimene muyenera kufunsa kwa mphunzitsi si kuchuluka kwa masamu, koma ngati masamuwo amakonzedwa m'kalasi tsiku lotsatira. Yang'anani m'buku ngati pansi pa samu yolakwa pali ina yolembedwanso bwino ndi dzanja la mwana wanu. Ngati ilipo, khalani ndi mtendere. Ngati zolakwa zimangosiyidwa choncho mlungu wonse, pitani mukacheze ndi aphunzitsiwo mwaulemu, ndipo ndikhulupirira adzakulandirani.

Musadzichepetse chifukwa cholekezera giredi 7. Simufunika kudziwa yankho kuti muthandize mwana, ndipo kunena zoona kholo limene limamuchitira mwana masamu limamuwononga, chifukwa mphunzitsi amaganiza kuti mwana wamvetsa pamene sanamvetse. Muuzeni kuti, "Tandifotokozera mmene wapezera yankholi," ndipo mumvetsere mpaka amalize. Mwana akamafotokoza ndi pakamwa pake m'Chichewa amazindikira yekha pamene walakwa. Akalephera samu, asiye zimene anayesa osafufuta, kuti aphunzitsi aone pamene anasochera. Ndiponso inuyo masamu mumawachita tsiku lililonse. Mukapita naye ku Saturday Market, muuzeni awerengere chenji pa K100 musanalandire. Mufunseni kuti ngati meda imodzi ya chimanga ili ndi makilogalamu pafupifupi 5, thumba la makilogalamu 50 lili ndi mameda angati, ndipo ngati banja limadya mameda awiri pa mlungu, thumbalo litha milungu ingati. Kumeneko nakonso ndi kubwereza, ndipo sikufuna nyali.

FUNSO: Aphunzitsi, mfundo ya homuweki ya tsiku ndi tsiku ndimaimva, koma m'kalasi mwanga muli ana 85, ndipo masana m'chipinda chomwecho mumalowa kalasi ina. Sindingathe kuchonga mabuku 85 tsiku lililonse. Komanso ana ambiri amangokoperana m'mawa pansi pa mtengo belu lisanalire. Kodi homuweki yotere ili ndi phindu? — Mphunzitsi wa giredi 7, Lundazi

YANKHO: Aphunzitsi, kudandaula kwanu n'komveka. Chiyambire Januwale 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu, ana ambiri amene anali pakhomo anabwerera m'makalasi, chomwe ndi chinthu chabwino kwambiri, ndipo ngakhale chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000, makalasi ambiri kuno kum'mawa adakali odzaza. Ana 85 akachita masamu asanu aliyense, ndiye kuti muli ndi masamu 425 pa tsiku, ndipo mphunzitsi amene angayese kuwachonga onse yekha adzasiya mlungu usanathe.

Musanyamule mabuku kupita nawo kunyumba. Homuweki yobwereza iyenera kukonzedwa m'kalasi, m'mphindi 8 kapena 10 zoyambirira za phunziro, mwana ali ndi buku lake m'manja, pakuti buku limene labwezedwa patapita mlungu mwana amangoyang'ana malikisi n'kulitseka. Ana asinthane mabuku ndi amene akhala nawo pa desiki, inu mulembe mayankho asanu pa bolodi, kenako mufunse kuti amene alakwa samu yoyamba akweze manja, yachiwiri chimodzimodzi, mpaka yachisanu. Samu imene manja akwera ambiri ndiyo yokhayo imene muyenera kuifotokoza pa bolodi, ndipo ndi bwino kuitana mwana mmodzi kuti aichite akulankhula. Inuyo tengani mabuku a mzere umodzi wokha tsiku lililonse, pafupifupi 17, ndipo pofika Lachisanu mudzakhala mwaona buku la mwana aliyense kamodzi. Ana sadzakweza manja ngati kulakwa kumabweretsa chilango kapena kusekedwa, choncho auzeni kuyambira pachiyambi kuti amene wayesa n'kulakwa wachita ntchito yake, ndipo musunge mawu amenewa.

Za kukoperana, njira yake si ndodo. Lachisanu lililonse perekani masamu asanu oti achitire m'kalasi, mabuku atatsekedwa, ndipo masamuwo akhale a mtundu womwewo wa homuweki ya mlunguwo, mutangosintha manambala. Mwana amene anakopera adzaonekera yekha, ndipo iye mwini adzaona kuti kukopera sikunamupatse kanthu. Kayeso kakang'onoka kali ndi phindu linanso, pakuti akatswiri Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa mu 2006 kuti kuyesa kukumbukira chinthu osayang'ana m'buku kumachititsa kuti chikhalitse m'mutu kuposa kungochiwerenganso. Koma fufuzaninso chifukwa chimene mwana akukoperera. Wina amakopera chifukwa masamu onse asanu amukanika, ndipo ameneyu ayenera kupeza samu imodzi kapena ziwiri zimene angathe, kuti asataye mtima. Wina amayenda mtunda wautali n'kufika kwawo dzuwa litalowa, kapena madzulo amakaweta ng'ombe. Ana otere aloleni achitire ntchitoyo pa sukulu pomwepo akangoweruka, ngakhale pakhonde pamene kalasi ya masana ikulowa, chifukwa chofunika n'chakuti mwana aichite yekha patapita maola angapo chiphunzirireni, osati malo amene waichitira.

Ngati muli aphunzitsi awiri kapena atatu a giredi imodzi, gawanani ntchito yokonza masamuwa pa msonkhano wanu wa aphunzitsi, wina akonze a mlungu uno, wina a mlungu wamawa, ndipo muwasunge m'buku limodzi lachikuto cholimba limene lidzagwirenso ntchito chaka chamawa.

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndili giredi 11. Aphunzitsi athu amatipatsa homuweki ya mutu umene taphunzira tsikulo basi. Ndikawerenga manotsi anga a giredi 10 ndimaona ngati ndikumvetsa zonse, koma pa mayeso ndimasokonezeka. Ndingadzithandize bwanji ndekha? — Wophunzira, Petauke

YANKHO: Mwana wanga, wachita bwino kufunsa udakali giredi 11, chifukwa nthawi ilipo. Kuwerenga manotsi a masamu kumanyenga, pakuti maso akaona samu yochitidwa kale mtima umati ndikuidziwa, pamene chimene ukudziwa ndi maonekedwe ake okha. Ukafuna kudziwa ngati ukuitha, kopera funso lokha pa pepala lina, tseka buku, ndipo uichite mpaka kumapeto usanayang'ane yankho.

Chita izi. Dula timapepala ting'onoting'ono, ndipo pa kalikonse ulembe funso limodzi lochokera m'mabuku ako a giredi 10 ndi 11, kumbuyo kwake ulembe tsamba limene pali yankho, koma usalembe mutu wake. Tiike m'chitini kapena mu envulopu, ndipo tsiku lililonse ukamaliza homuweki ya aphunzitsi utole titatu osayang'ana. Funso limene walikhoza uliike m'chitini china choti udzatsegule mwezi wamawa, ndipo limene walakwa ulibwezere m'chitini choyamba chija utalemba m'kabuku kapadera chimene chinakusokoneza, kaya ndi chizindikiro cha kuchotsera chimene unachiiwala potsegula mabulaketi, kaya ndi njira imene unasankha molakwa. Lamlungu lililonse uziwerenga kabukuko, ndipo udzaona kuti zolakwa zako si zambiri monga ukuganizira, koma ndi zitatu kapena zinayi zimene zimangobwerabwera.

Kumbukiranso kuti pa mayeso a giredi 12 pepala loyamba la masamu limalembedwa popanda kakyuleta, choncho pa timapepala tako pakhale mafunso a mafulakishoni, madesimo ndi kugawa amene uziwachita ndi pensulo yokha, ngakhale akuoneka ngati a ku pulayimale. Ukasonkhanitsa zolakwa za milungu iwiri, pita nako kabukuko kwa aphunzitsi ako pa nthawi yopuma, uwaonetse funso limodzi limene lakukanika kawiri, ndipo uwapemphe mwaulemu ngati angamawonjezere funso limodzi lakale pa homuweki ya kalasi yonse.